Gulu lathu la hockey ya amayi ku Mangochi latsamira pa anthu atatu: tiliyendetse bwanji?

Mlembi wa ku Mpondasi

Moni nonse. Ine ndine mlembi wa gulu la amayi ndi atsikana amene timasewera hockey, masewero okankha mpira waung'ono ndi ndodo, kuno ku Mangochi, ndipo ndalemba kuti ndipemphe nzeru kwa inu amene munayendetsapo mabungwe a zamasewero. Tinayamba ndi ndodo zimene munthu wina wakufuna kwabwino anatisiyira, zambiri mwa izo zoperepeseka kunsonga, koma lero tili ndi matimu atatu: ya amayi a pa boma, ya atsikana a kusekondale, ndi ina ya kutsidya kwa Shire imene imawoloka mlatho wa Bakili Muluzi pa kabaza kuti idzasewere nafe.

Palibe amene amalandira malipiro. Poyamba anthu odzipereka anali ambiri mpaka tinkasowa ntchito yowapatsa, koma tsopano zonse zatsalira anthu atatu, omwe ndi wapampando, ineyo, ndi mtsikana amene amaphunzitsa anzake kagwiridwe ka ndodo. Ndodo ndi mipira zimagona kunyumba kwa wapampando, choncho akapita kukapikula usipa ku Makanjira kapena akakhala kumaliro, sabata imeneyo palibe amene amasewera. Ndalama zimene timasonkha zimalowa mu foni ya munthu mmodzi. Ndikudziwa bwino kuti sanadyepo ngakhale tambala, koma manong'onong'o ayamba, ndipo amayi ena asiya kusonkha osanena chifukwa.

Ena akuti tithamangire kukalembetsa gululi kuti tizipeza thandizo. Ena akuti popanda kangachepe ka alawansi sangamabwere. Makolo nawonso ayamba kufunsa kuti mwana akavulala ayankhe ndani. Kodi tiyambire pati kuti gululi lisafere m'manja mwathu?

Mphunzitsi wopuma wa ku Monkey Bay

Amayi alembi, ndawerenga zonse zimene mwalemba, ndipo ine ndikuona kuti muyambire pa foni ija ndi pa nyumba ya wapampando. Kulembetsa kudikire pang'ono, chifukwa aliyense amene mudzamupemphe thandizo adzayamba wafunsa malamulo a gulu lanu, maina a akomiti, ndi buku la ndalama, ndipo pakadali pano mulibe chilichonse mwa zitatuzi choti mungaonetse.

Ndalama za gulu zimafuna kuonekera, ngakhale wozisungayo akhale wokhulupirika chotani. Amayi ambiri a m'gulu lanu ali m'mabanki mkhonde, ndiye akudziwa kale chifukwa chimene bokosi lija limakhalira ndi maloko atatu, makiyi ake n'kukhala kwa anthu osiyana. Tengerani pomwepo. Gulani kope lachikuto cholimba, tsamba lakumanzere muzilembamo zolowa, lakumanja zotuluka, ndipo malisiti muziwamata kumapeto kwake. Kumene kulibe lisiti, monga kwa wakabaza, wolandira ndalamayo asainire kapena adinde chala. Mwezi ukamatha, msungichuma aimirire pabwalo pomwepo, anthu asanabalalike, awerenge mokweza zimene zalowa, zimene zatuluka, ndi zimene zatsala. Ine ndaona manong'onong'o akuzizira msanga pamene anthu ayamba kumva mawerengerowo ndi makutu awo. Msungichumayo asakhale wapampando, asakhalenso mbale wake.

Ngati akaunti ya kubanki ikukukulirani pakadali pano, pezani nambala ya gulu ya Airtel Money kapena Mpamba imene sigwira ntchito ina iliyonse. Popeza nambala imalembetsedwa ndi chitupa cha munthu mmodzi, mulembe m'buku la misonkhano kuti nambalayo ndi ya gulu, mwini chitupayo asainire. Foni isunge wina, nambala yachinsinsi adziwe wina, kuti ndalama isatuluke popanda anthu awiri. Tsiku limene mudzatsegule akaunti, osainira adzakhale atatu, awiri mwa iwo n'kumasaina nthawi iliyonse.

Za ndodo, lembani nambala pa ndodo iliyonse ndi penti, muzilowetse m'kaundula, kenaka mukapemphe chipinda chosungiramo katundu pa sukulu imene mumasewerayo. Pempholo likhale lolemba, lidutse kwa ahedi ndi ku komiti ya sukulu, ndipo litchulenso masiku ndi maola amene bwalo ndi lanu, chifukwa anyamata a mpira wamiyendo sadzakupatsani mpata pongomva kuti munagwirizana pakamwa. Makiyi akhale awiri.

Malamulo anu asapitirire masamba awiri, alembedwe m'Chichewa, ndipo powavomereza wina awamasulire m'Chiyao kuti pasakhale wovomera zimene sanamve. Muikemo zaka zimene munthu angakhale paudindo, tsiku la msonkhano waukulu wa pachaka, ndi njira yochotsera munthu amene wasiya kubwera. Anthu odzipereka amathawa akaona kuti ntchito ilibe malire. Mayi amene mwamuuza kuti "muzitithandiza" adzabwera kawiri n'kusowa, koma amene mwamuuza kuti ntchito yake ndi kujambula mizere ndi laimu Loweruka m'mawa kwa teremu imodzi adzaigwira, chifukwa akudziwa pamene ithere.

Pa nkhani ya alawansi, ine ndikukana. Ndaona magulu abwino akufa nayo. Mukangopereka kamodzi, tsiku limene ndalama kulibe mudzapezeka pabwalo nokha ndi mipira.

Woyimbira hockey wa ku Zomba

Achemwali, aphunzitsi anena bwino za kayendetsedwe, ndiye ine ndilankhule za masewero enieniwo, poti nawonso akhoza kukulemetsani katundu ngati mukukakamira mtundu umene simungaukwanitse. Hockey yathunthu imafuna osewera 11 mbali iliyonse, bwalo la mamita 91.4 m'litali ndi 55 m'lifupi, oyimbira awiri, ndi mphindi 60 zogawidwa m'zigawo zinayi za mphindi 15. Ndiye kuti pafunika ndodo 22 zabwino pa masewero amodzi, osawerengera zovala za apagolo, zimene ndi zodula kuposa china chilichonse. Kwa gulu ngati lanu, ndikulangiza Hockey5s, imene imaseweredwa ndi anthu asanu mbali iliyonse pa bwalo laling'ono lozunguliridwa ndi matabwa. Mpira sutuluka wamba, mtsikana aliyense amaugwira kangapo, ndipo m'matimu atatu anuwo mukhoza kutulutsa matimu asanu ndi imodzi n'kuyamba ligi yanuyanu. Musaione ngati masewero a ana. Bungwe la FIH, loyang'anira hockey padziko lonse, linachititsa World Cup yoyamba ya Hockey5s ku Muscat, m'dziko la Oman, mu Januwale 2024, ndipo anyamata a ku Zambia, anzathu a pafupi pompa, anathera pa nambala 4 pa Youth Olympics ya ku Buenos Aires mu 2018 ndi mtundu womwewu.

Mabwalo a kunyanja ndi a mchenga, ndipo mchenga umameza liwiro la mpira. Mukapeza bwalo la simenti la netball kapena la basketball, ndi labwino kwambiri pophunzirira kupatsirana. Pa nthaka yolimba yokhala ndi timiyala, mpira umadumpha mosayembekezereka, ndiye muzisesa kaye musanayambe.

Funso la makolo lija mulitenge mozama. Mpira wa hockey ndi wolimba, umalemera pakati pa magalamu 156 ndi 163, ndipo ukamenya dzino silibwerera. Kwa ongoyamba kumene, lamulo likhale loti mpira azikankha osati kuumenya, usakwere m'mwamba, ndipo ndodo isapitirire m'chiuno. Zotchinga miyendo ndi zoteteza mano zigulidwe mayunifolomu asanagulidwe. Musaimike mwana pagolo opanda chipewa chotchinga nkhope ndi zovala zake zonse. Malamulo a hockey ya anthu 11 amalola timu kusewera popanda wapagolo, ndipo pophunzira mukhoza kuika timagolo ting'onoting'ono topanda mlonda. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndi mmene Mangochi amatenthera, muzisewera m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, ndowa ya madzi akumwa ili pambali.

Mukakonza zimene aphunzitsi anenazo, kadzionetseni kwa mkulu wa zamasewero ku khonsolo ya boma, kenaka mulembere a Hockey Association of Malawi. Powalembera, pemphani maphunziro a makochi ndi oyimbira musanapemphe ndodo, chifukwa gulu limene lili ndi mphunzitsi mmodzi yekha limaima tsiku limene iyeyo wapeza malo ku koleji. Phunzitsani amayi awiri kapena atatu kuimba wezulo. Bwalo la hockey la kapeti, la udzu wochita kupanga, lili ku Blantyre, ulendo wa makilomita pafupifupi 190 kudzera ku Liwonde ndi kuno ku Zomba, ndipo kupita kumeneko kamodzi pachaka kungawalimbitse mtima atsikana, koma musatsanulire thumba lonse pa ulendo umodzi.

Mayi wa ku Namwera

Anzanga a ku Mpondasi, ine ndili mu mother group ya pa sukulu ya kwathu kuno, ndipo ndinathandizapo kuyendetsa timu ya netball ya atsikana. Zimene abambo awiriwa anena ndi zoona, koma kuno kwathu timu ya atsikana imaima kapena kugwa pakhomo pa makolo, ndiye nkhani imeneyi musaisiyire kumapeto.

Musatumize ana kukapempha okha chilolezo. Pitani nokha, awiriawiri, mukakhale pamkeka ndi mayi ake a mwanayo, muwauze tsiku, ola loyambira, ola lowerukira, ndi dzina la mayi wamkulu amene azikhala pabwalo nthawi zonse. Kuyambira mu 2017 malamulo a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, choncho kwa onse otero pakhale kalata yosainidwa ndi kholo, ndipo pa ulendo uliwonse wotuluka m'boma lino pakhale kalata ina. Mphunzitsi wamwamuna, ngakhale akhale wodziwika ndi waulemu, asatsale yekha ndi atsikana, asawaimbirenso foni payekha. Mwana afike pakhomo kusanade. Mtsikana mmodzi akangofika usiku, mawa lake mudzi wonse waletsa ana ake.

Kalendala yanu iyende ndi moyo wa anthu a kuno. Ana ambiri amapita ku madrasa masana akaweruka kusukulu, Lachisanu ndi tsiku la Juma, ndipo mwezi wa Ramadhan umabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, kotero kuti simungakopere kalendala ya chaka chatha. M'mwezi umenewo musaike mipikisano, poti simungathamangitse munthu amene sanamwe madzi kuyambira m'bandakucha. Kaonaneni ndi amfumu, ashehe ndi abusa musanayambe teremu, ndipo muwaitane pa tsiku la masewero kuti adzaone okha. Pa za kavalidwe, lolani mtsikana avale hijabu ndi thalauza yothina mkati mwa siketi. Osewera ena a timu ya amayi ya dziko la Malaysia amavala choncho pa mipikisano ya mayiko, ndipo zithunzi zawo mukhoza kuwaonetsa makolo pa foni. Akakuuzani kuti kuthamanga ndi ndodo ndi za amuna, auzeni kuti pamene hockey ya amayi inaseweredwa koyamba pa Olympics, ku Moscow mu 1980, mendulo ya golide inapita ku Zimbabwe.

Koma pa alawansi paja, aphunzitsi, mundikhululukire, sindikugwirizana nanu kwathunthu. Inu munali pa malipiro a mwezi ndi mwezi. Mayi amene wavundikira beseni lake la mandasi, n'kulipira kabaza kuchokera kutsidya kupita ndi kubwera, wataya kawiri tsiku limenelo. Tikamuuza kuti kudzipereka n'komweko, posachedwa m'komiti mudzatsala aphunzitsi ndi anamwino okhaokha, ndipo amayi a kumsika, amene ndi eni ana ambiri, adzachoka mwakachetechete. Kumubwezera munthu ndalama imene wawononga pa ntchito ya gulu si kumulipira.

Mphunzitsi wopuma wa ku Monkey Bay

Amayi a ku Namwera, mfundo yanu ndaimva ndipo ndi yolemera. Kubweza ndalama ya mayendedwe ndikuvomera, pokhapokha mtengo wake ukhale wovomerezedwa ndi msonkhano wa onse, ukhale wofanana kwa wapampando ndi kwa wotunga madzi, uperekedwe ntchito itagwirika, ndipo ulembedwe m'kope muja. Chimene ndikukanabe ndi choti akomiti azidzipatsa ndalama chifukwa choti akhala pansi kukambirana. Ndiponso mwezi umene thumba lili lopanda kanthu, anthu auzidwe ulendo usanachitike kuti kubwezeredwa kulibe, kuti wopitayo apite akudziwa.

Mlembi wa ku Mpondasi

Zikomo kwambiri nonse atatu. Kope ndagula kale, ndipo tiitanitsa msonkhano wa mamembala onse pamodzi ndi makolo teremu isanatseguke. Chimene chikundilemera ndi kachotsedwe ka ndodo kunyumba kwa wapampando, chifukwa mayi ameneyu ndi amene anasunga gululi pamene ena onse anali atabwerera m'mbuyo, ndipo sindikufuna kuti amve ngati tikumukayikira. Ndaganiza zokamuona ndekha msonkhano usanachitike, ndikamuonetse zimene mwalembazi, kuti ngati avomera, ganizo losamutsa katundu ndi losankha msungichuma lidzatuluke pakamwa pake pamaso pa anthu.

Achimwene a ku Zomba, nditsalire ndi funso limodzi kwa inu. Matabwa ozungulira bwalo la Hockey5s sitingawakwanitse onse nthawi imodzi, ndipo bwalo la simenti limene tikuliganizira ndi la netball, loti tizichotsa zathu tikamaliza. Kodi tingayambe ndi matabwa a m'mbali ziwiri zazitali zokha, kumagolo n'kusiya mizere, kapena zimenezo zingawazoloweze atsikana kasewero kolakwika?