Kuboola hedi kuti ndiike compression release: ndiboole pati kuti ndisaononge?

Sipanala13:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru ndisanagwire drill. Ndili ndi njinga yamoto ya Harley ya injini ya Twin Cam pano. Mwini wake anakulitsa masilinda, anaika mapisitoni okweza kompuleshoni, mahedi nawo anapalidwako. Pamsewu ikukoka bwino zedi, koma kuiliza ndiye nkhondo, makamaka ikatentha. Ukadina batani sitata imangoti gu, n'kuima, kenako n'kuyamba kuzungulira mokakamizika. Kawiri konse injini yabwezera m'mbuyo ine ndili pomwepo. Ndayeza kompuleshoni injini ili yotentha: kutsogolo 205 psi, kumbuyo 210 psi. Ndagula kale ma compression release (timavalve totulutsako mpweya mu silinda kuti sitata isalemedwe) awiri odina ndi chala, a mazinga a M10 x 1.0, koma mahediwa sanabooledwepo. Ndiboole pati, kuya kwake bwanji, ndipo drill ya pa tebulo ingakwanitse?

Wamagetsi:
Achimwene, drill ija ibwezereni kaye m'bokosi. Batire mwaliyeza sitata ikuzungulira? Osati lili phee ayi, pamenepo ngakhale lotha limaonetsa 12 volts. Ikani mita pa batire, dinani sitata, muone ngati ikugwa kufika pansi pa 10 volts. Muyezenso zomwe zikutayika mu waya wamkulu wopita ku sitata ndi wa earth. Ndinalandirapo njinga imene ena anali ataiboola kale mahedi, chonsecho vuto linali waya wa earth wodyeka pa fulemu. Nkhani yobwezera m'mbuyoyo ionaninso timing, nthawi imene pulagi imathetheka moto. Moto ukamabwera msanga injini ikuzungulira pang'onopang'ono, pisitoni imamenyedwa isanadutse pamwamba, ndiye ibwereranso komwe yachokera. Ndi mmene mano a sitata ndi clutch yake zimathera.

Sipanala13:
Zikomo achimwene, izo ndinayambira. Batire ndi latsopano, likugwa kufika 10.3 n'kukhazikika pomwepo. Mawaya onse awiri ndasintha, ndaika okhuthala. Timing yolizira ndaibweza pang'ono, kubwezera kuja kwachepa, koma kulemera kukadalipo.

Mayi wa ma cam:
Ndiye funso langa ndi la cam, chitsulo chotsegula ndi kutseka ma valve. Anaika iti? Anthu amaiwala kuti nambala imene mukuiona pa gauge siichokera ku pisitoni yokha. Pisitoni imayamba kupanikiza mpweya pokhapokha valve ya inlet itatseka. Cam yotseka inlet msanga, ukaiphatikiza ndi pisitoni yokwera ndi hedi yopala, sitata ndiye imasenza zonsezo. Mutaika cam yotseka mochedwerapo, 205 ija itsika yokha hedi osaikhudza. Palinso ma cam a kampani ya S&S otchedwa Easy Start, ali ndi kachitsulo kotsegula valve ya ekizozi pang'ono injini ikamazungulira ndi sitata, ikangolira kamadzichotsa kokha. Nzeru yake ndi yofanana ndi KACR, compression release yogwira ntchito yokha ya pa njinga ya Kawasaki KLR650. Ine ndikanayamba kukambirana ndi mwini wake za njira imeneyo, chifukwa cam mutha kuichotsa mawa, koma bowo la mu hedi silibwerera.

Sipanala13:
Mayi, mwalasa. Cam yake ndi yotseka msanga ndithu, ndipo anaisankha dala chifukwa amafuna mphamvu yapansipansi akanyamula munthu ndi katundu. Ndinamufotokozera za Easy Start, wakana, akuti injini ikukoka mmene amafunira, cam isakhudzidwe. Ndiye tatsala ndi kuboola basi.

Madala a milling:
Chabwino, poti mwaganiza zoboola, tiyeni tiboole mwadongosolo. Ndalemba motalika, mundipirire.

Choyamba pezani hedi yakutha ya mtundu womwewo, yong'aluka kapena yopsa, muidule ndi sowo podutsa pamene mukufuna kuboola. Anyamata ambiri amati uku n'kutaya tsiku. Ine ndimati tsiku limenelo ndi lomwe limapulumutsa hedi ya kasitomala. Kunja hedi imaoneka ngati chibuluma chimodzi cha aluminiyamu, koma mkati muli njira za oyilo, muli khoma la ekizozi lomwe malo ena ndi lopyapyala, muli mabowo a mabawuti. Mukaidula muona ndi maso anu pamene pali mnofu wokwanira. Pa mahedi amenewa malo ake amakhala mbali ya pulagi, koma musayerekeze kungoloza ndi chala.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphera hedi: bowo si limodzi, ndi awiri olumikizana. Lakunja ndi lalikulu, la mazinga. Pa M10 x 1.0 drill yake ndi ya 9 mm, mungochotsa 1.0 pa 10. Limeneli lisatulukire mu chamber, momwe mumayakira petulo. Liime panjira, kuya kwake kungokwana mazinga a release ndi kampata koti kamutu ka valve yake kazitha kutsika mukadina. Yezani release yanu ili yodinidwa, muonjezere pang'ono, ndiko kuya kwanu. Kuchokera pansi pa bowo limenelo m'pamene mumaboola kabowo kakang'ono kotulukira mu chamber. Ine ndimagwiritsa 3 mm kapena kucheperapo.

Potulukira kabowoko pakhale patali ndi seat (mphete yokhalira valve) ya ekizozi komanso mazinga a pulagi. Pakati pa pulagi ndi ekizozi ndi pamene hedi imatentha kwambiri, ndiponso ndi pamene ming'alu imakonda kuyambira ngakhale pa hedi yosaboola. Mukaikapo bowo lina pamenepo mwaulembera mng'alu njira. Seat ija inalowetsedwa mothina, chimene chimaigwira ndi aluminiyamu woizungulira. Mukamudya, tsiku lina seat idzagwa injini ikuthamanga.

Za drill ya pa tebulo: ingatheke ngati muli ndi jig yogwira hedi pa ngodya yake ndipo tebulo silisewera. Koma pokhalira washala pamafunika kupala kuti pakhale posalala, pogonana bwino ndi bowo, ndipo mupale, muboole, mudule mazinga hedi isanasunthe pa makina ngakhale kamodzi. Ichi n'chifukwa chake ndimakonda makina opalira zitsulo a milling. Tap yodulira mazinga muiyambe ili mu chuck yogwirira drill mukuzungulitsa ndi dzanja, makina ali ozima, mukudonthezera parafini. Mumalize ndi tap yosalala kunsonga kuti mazinga afike pansi.

Wophunzira ntchito:
Madala, pepani ndifunse nawo, ine ndikadali pa maphunziro. Kabowo kameneko sikakulitsa chamber n'kutsitsa kompuleshoni imene mwini wake analipirira? Komanso bwanji osangoboola 9 mm mpaka mkati kuti mpweya uzituluka wambiri?

Madala a milling:
Mwafunsa bwino mwana wanga, tiwerengere limodzi. Kabowo ka 3 mm kotalika 10 mm kamatenga malo okwana 0.07 cc. Chamber ya Twin Cam ikamachoka kufakitale imakhala cha m'ma 85 cc. Kusiyana kumeneko ngakhale gauge siingakuone. Za mpweya wambiri, kumbukirani kuti sitikufuna kuphwetsa silinda yonse. Tikufuna kuchotsako pang'ono kuti sitata idutse pamwamba, koma utsale wokwanira kuti petulo agwire moto. Moto woyambawo ndi umene umakankha valve ya release n'kuitseka yokha, batani n'kudumphira m'mwamba. Mukaphwetsa wonse injini siilira, release siitseka, mungomaliza batire. Makina ambiri odulira mitengo a Stihl ndi Husqvarna ali ndi kabatani kotere, mukadzakumana nako kamasuleni muone mmene kabowo kake kaliri kakang'ono.

Wa TIG:
Ndiikire umboni pa zimene anena madalawa, chifukwa ine ndinalakwitsapo. Zaka zapitazo ndinaboola hedi ya silinda imodzi, 9 mm mpaka mkati, ndi drill yapamanja. Mazinga omalizira anatsala poyera mu chamber. Nsonga zakuthwa zija zinkafiira ndi moto n'kumayatsa petulo pulagi isanathethetse, injini n'kumagogoda ikatentha. Sindinazindikire msanga. Pomwe ndimadzatsegula, mng'alu unali utayenda kuchoka pa bowo langa kukafika pa seat ya ekizozi. Hedi ndinagula ina ndi ndalama zanga, ndipo zinandiwawa chifukwa munthuyo anandikhulupirira. Ndiye achimwene, mukaboola kabowo kaja, m'mphepete mwake mkati mwa chamber mupakhule pakhale pobulungira, pasatsale pakuthwa ngakhale pang'ono.

China, wina akakuuzani kuti mnofu ukachepa tingowotchererapo aluminiyamu n'kuboola pamenepo, dziwani kuti ntchitoyo ndi yaikulu. Hedi imafunika kuitenthetsa yonse kaye, ikazizira imatha kupindika, ma seat ndi ma guide oyendamo ma valve amatha kumasuka, pokhalira gasiketi pamafunika kupalanso. Ndimaichita, koma pokhapokha njira ina palibe.

Wamagetsi:
Ine odina ndi chala sindiwakonda kwenikweni. Mpweya amautulutsira panja, ndiye pakapita nthawi pozungulira pake pamada ndi mwaye, ndipo wokwera ayenera kupisa dzanja pafupi ndi hedi yotentha nthawi iliyonse. Alipo a magetsi, a solenoid, otseguka okha ukadina sitata.

Madala a milling:
Alipodi, ndipo ndi abwino, koma thupi lake ndi lalikulu, bowo lake limadya mnofu wambiri, ndiye pa hedi imene sinaumbidwe ndi malo ake ine sindingayerekeze popanda jig yake yeniyeni. Apa agula kale a 10 mm, tiyeni tiwathandize pa amenewo. Achimwene Sipanala, musanamasule mahedi pa njinga, gwirizitsani release pamalo pamene mwasankha muone zinthu zitatu: chala chifika thanki ili pomwepo? Soketi ya pulagi ilowabe? Waya wa pulagi sukhudza batani? Ndinaonapo ntchito yaukhondo kwambiri imene pomasula pulagi pankafunika kuyamba wachotsa release.

Sipanala13:
Ndabwerera akuluakulu, papita masiku asanu. Hedi yakutha ndinaipeza kwa mnzanga, ndinaidula, ndipo madala munanena zoona. Pamene ndinaika chizindikiro poyamba, kabowo kakanatulukira pafupifupi 3 mm kuchoka pa seat ya ekizozi. Ndinasuntha n'kupendeketsa ngodya, ndinayeserera kawiri pa chidutswa chotsalacho, kenako ndinapita nawo mahedi enieni pa milling. Ma valve ndinachotsa onse, nditamaliza ndinatsuka ndi kupopera mphepo mpaka tinyenyeswa tonse titatha. Ndamanga ndi gasiketi zatsopano. Release zili zodinidwa gauge ikuonetsa 165 kutsogolo, 170 kumbuyo. Sitata ikuzungulira mopepuka, injini ikulira kamodzi n'kamodzi ngakhale itatentha, mabatani onse akudumpha okha.

Koma pali kanthu kamodzi. Nditayenda nayo makilomita 30, ndaona kamzere ka mwaye pansi pa release yakumbuyo, ndipo ikamalira payokha ndikumva ka tsi-tsi-tsi. Yakutsogolo ili youma. Ndiimange kwambiri?

Madala a milling:
Ayi, musaonjezere mphamvu. Mazinga a 10 mm mu aluminiyamu salimba mtima, pulagi ya saizi imeneyo imamangidwa 10 mpaka 12 Nm basi, ndipo release musaipitirize pamenepo pokhapokha pepala lake litanena zina. Yambani mwadziwa kumene ukutulukira. Injini ili yozizira pakani thovu la sopo kuzungulira washala ndi pa timabowo ta release, muilize kamphindi. Thovu likatupa pa timabowo, ndiye valve yake siikukhala bwino, mwina kanyenyeswa katsakamira. Likatupa pa washala, vuto ndi pokhalira.

Sipanala13:
Latupa pa washala, mbali imodzi yokha. Ndamasula ndaona: popala paja mpeni sunafike ponse, patsala kachigawo kokhakhala ka chikombole, ndipo washala anakhalira pamenepo. Kungoti mtima ukukana kumasulanso hedi.

Madala a milling:
Imasuleni ndithu. Mukapalira pa njinga tinyenyeswa tilowa mu kabowo kaja n'kugwera pa pisitoni, ndipo ndi dzanja simungapale mogonana ndi mazinga. Poibweza pa makina, mangani bawuti yowongoka ya M10 x 1.0 m'bowomo, muigwiritse ntchito poimika hedi mpaka bawutiyo iloze ndendende mu chuck, kenako muichotse mupale pang'ono chabe mpaka bwalo lonse liwale. Mukatero yezaninso kuya, chifukwa release itsikirako, kamutu kake kasagunde pansi mukadina. Washala wa mkuwa muike watsopano, wakaleyo waphwanyika kale mopendekeka. Pa mazinga pakani mafuta oletsa kugwirana a anti-seize pang'ono.

Sipanala13:
Zatheka madala. Ndapala 0.3 mm, bwalo lawala lonse, kampata kapansi kakadalipo. Gasiketi ina yatsopano yapita, koma thovu lili phee mbali zonse ndipo ndayenda nayo makilomita 50 popanda mwaye. Mwini wake ndamuonetsa kadinidwe kake, ndamuuzanso kuti batani likadzayamba kulimba kapena kuchedwa kudumpha abwere nayo tidzatsuke mwaye ndi mankhwala otsukira kabuleta. Akudzaitenga mawa m'mawa.