Mwana wa achemwali wagwidwa akuyendetsa ataledzera, diversion ndi chani?

Nachisale_Turffontein:
Abale thandizeni maganizo. Mwana wa achemwali anga wa zaka 17 Loweruka anatenga bakkie ya bambo ake osapempha kupita ku pens down (phwando lomwe ana a sukulu amachita akamaliza mayeso) ndi anzake, pobwerera usiku anakumana ndi roadblock, atauzira mu kamakina kaja mowa unapezeka, komanso ali ndi learners basi, laisensi yophunzirira kuyendetsa. Apolisi anamupereka m'manja mwa makolo koma probation officer akukamba za diversion, achemwali sakudya akungoti mwana akalowa ndende. Odziwa malamulo a kuno ku Joni tiuzeni.

Che_Yeoville:
Amayi auzeni achemwali mtima ukhale pansi. Kuno mwana osakwana 18 amaweruzidwa ndi Child Justice Act ya 2008, inayamba kugwira ntchito 2010. Probation officer amayamba kaye kumufufuza mwanayo, pakhomo pali bwanji, sukulu akupita kapena ayi, kenako pamakhala preliminary inquiry kwa majisitireti, kholo limayenera kukhalapo. Mwana akavomera kulakwa ndipo prosecutor akalola, m'malo mozenga mlandu amamutumiza ku pulogalamu ya diversion ngati za mabungwe a NICRO kapena Khulisa, maphunziro, uphungu wa mowa, mwina kugwira ntchito yothandiza anthu. Akamaliza alibe criminal record. Koma akajomba nkhani imabwerera kukhoti ndiye musamusiye azipita yekha.

AnkoloGift:
Ine izi zimandivuta, kumeneku sikunyengerera? Akanagunda munthu bwenzi tikusonkha ndalama yotumizira maliro ku Mangochi pano. Limit ya mowa m'magazi poyendetsa ndi 0.05 kwa akuluakulu, iyeyu samayenera ngakhale kugulitsidwa mowa, malamulo amati 18. Ku Enyobeni ku East London 2022 ana 21 anafera mu tavern, mpaka lero ogulitsa safunsa ID. Komanso makiyi anali pati?

MayiWaAwiri:
Ankolo mukunena zoona za makiyi koma ndende siimuchotsa mowa mwana, akatulukako amabwera ataphunzira zina. Wanga anadutsamo, chimene chinamusintha ndi tsiku lomwe anamukhazika kuti afotokoze yekha pamaso pathu zomwe anachita, analira ngati khanda. Nachisale pitani ku Legal Aid pakhoti pomwepo, loya ndi waulere, mumufunsenso za mapepala a mwanayo poti ife obwera record imavutitsa pa permit. Ngati kumwako sikunayambe lero mufunse za SANCA, bungwe lothandiza ovutika ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo.

Nachisale_Turffontein:
Zikomo nonse. Bambo ake ali ku ntchito ku Rustenburg, ine ngati mayi ake aang'ono ndingalowe nawo?

Che_Yeoville:
Mayi ake akakhalapo ndi zokwanira, inu muuzeni probation officer kuti mukufuna kulowa nawo. Mutenge birth certificate kapena pasipoti yake, zaka zimafunika umboni.