Zikwama za zidutswa za zitenje zikukhota zikachapidwa

Anaphiri (Ndirande): Atelala anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndikumasoka zikwama zopitira kumsika ndi zidutswa za zitenje zotsala podula madiresi. Potuluka pamakina zimakhala zowongoka bwinobwino, koma kasitomala akangochapa, chikwama chimakhota, misoko yonse makwinya okhaokha. Mayi wina chogwirira chinamuthothokera atanyamula mbatata. Makina anga ndi Butterfly opalasa. Kodi avuta ndi makinawa?

Achimwene a pakhonde (Limbe): Makinawo alibe mlandu mayi. Zidutswazo mumayamba mwazichapa?

Anaphiri: Ayi achimwene, ndimangosita n'kudula.

Achimwene a pakhonde: Pagona nkhani ndi pamenepo. Zitenje za masiku ano si zonse za thonje, zotchipazi zambiri ndi polyester kapena zosakaniza. Ya thonje ikanyowa koyamba imafupika, polyester sifupika. Ndiye mwazisokera pamodzi, ina ikukoka ina ikukana, msoko ungalekerenji kukwinyika? Yesani ndi machesi. Kachidutswa ka thonje kamanunkha pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa, pamene polyester imasungunuka n'kuuma kambulu kakuda kolimba. Zipatuleni, muzichape zonse, muzisite, kudula kubwere pambuyo.

Anabanda (Area 25): Pochapapo zofiira ndi zabuluu zikhale m'beseni lakelake, zina zimasuluka n'kudetsa zinzake. Komanso Anaphiri, muziona kumene ulusi wa nsalu walowera. Zidutswa zotsala pakhosi ndi m'khwapa zimakhala zodulidwa mopingasa, ndipo zoterezi zimatanuka mukazikoka. Ine sindilumikiza chigamba ndi chinzake pachokha. Ndimadula kaye nsalu imodzi yathunthu, yochapa kale, kukula kwa chikwamacho, kenako ndimasokera zidutswa pamwamba pake chimodzichimodzi, ndikusita msoko uliwonse ndisanaike china. Kulemera kwa katundu kumagwera pa nsalu yapansiyo, zigamba zimangokongoletsa.

Anaphiri: Koma nsalu yapansiyo ndiye kugulanso. Phindu litsala? Ine ndinayamba zimenezi chifukwa zidutswa n'zaulere.

Anabanda: Musagule ya pa mpukutu mayi. Pa kaunjika pezani nsalu zoyala pabedi za thonje zong'ambika m'mphepete, amagulitsa motchipa, ndipo imodzi imakwanira zikwama zingapo. Pansi pa chikwama ikanipo mwendo wa jinzi yakale.

Bambo Mbewe (Mzuzu): Ine ndilankhulepo za zogwirira, chifukwa zimenezi ndi zimene zimanyozetsa ntchito yathu. Ambiri amangolowetsa nsonga mumpendero wapamwamba n'kudutsapo mzere umodzi. Sizingalimbe. Chogwirira chipindeni kanayi, kapena muikemo lamba wa jinzi mkati. Chitsike masentimita 5 kapena 6 pathupi la chikwama, musoke kabokosi ka ngodya zinayi ndi mtanda mkati mwake. Ngati ndi cha katundu wolemera, lambayo azungulire pansi penipeni n'kukwera mbali inayo. Anthu akufuna zikwama zansalu chiletsereni majumbo opyapyala osafika ma micron 60 (muyezo wa kukhuthala kwa pulasitiki), lamulo limene khoti la Supreme linavomereza mu 2019, ngakhale majumbowo akuonekabe m'misika. Wogula chikwama akufuna chomuthera chaka, osati sabata.

Anaphiri: Pokhuthala choncho singano zimandithyokera bambo.

Bambo Mbewe: Mukusokera nambala 14 ya madiresi eti? Ikani 16, pa jinzi 18, ndipo mutalikitse sitichi. Pamene misoko yakumana pamenyeni ndi nyundo pathabwa kuti paphwatalale, mukafikapo siyani kupalasa, muzizunguza gudumu ndi dzanja.

Achimwene a pakhonde: Za polyester zija musataye. Sokani zokhazokha, zimachita bwino pa tizikwama ta foni ndi ta ndalama. Simbi ya makala isatenthe kwambiri, zimapsa msanga.

Anaphiri: Zikomo nonse. Ndiyamba ndi kupatula thumba lonselo. Chikwama choyamba ndichichapa ndekha n'kuikamo njerwa ziwiri, ndidzakutumizirani chithunzi.

Anabanda: Muyezenso ndi tepi musanachape ndi mutachapa. Chikafupika kwambiri, yang'anani nsalu yapansiyo, mwina ndi imene simunaichape.