Ndikufuna kupita ndi mwana wanga kukaonera sewero la nyimbo ku tawuni, ndithandizeni maganizo

Amake Tadala, Mitundu

Moni nonse. Ndili ndi mtsikana wa zaka 9, ali Sitandade 4, ndipo pakhomo pano sipasowa nyimbo. Akamatsuka mbale amaimba, akamasesa amaimba. Khirisimasi yapitayi ku tchalitchi kwathu anamusankha kukhala mngelo pa sewero la ana. Anamufunditsa nsalu yoyera ya pabedi, mapiko anali a katoni, koma atangotsegula pakamwa tchalitchi chonse chinangoti zii, ine misozi ili chuchuchu. Kuyambira tsikulo sakusiya kundifunsa kuti, "Amayi, kodi alipo akuluakulu omwe ntchito yawo ndi yomweyi?"

Ndiye ndaganiza zomutengera ku tawuni ku Lilongwe akadzionere yekha sewero la pa siteji, lija anthu amayankhula kenaka nkhani n'kuipitiriza ndi nyimbo ndi magule. Ineyo zisudzo ndimangodziwa za pa wailesi ndi za kusukulu. Kodi zoterezi zimachitikira kuti? Nanga mwana wa msinkhu uwu angapirire pampando mpaka kumapeto, makamaka zikakhala za Chingelezi? Chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi ulendo. Tiyenera kubwerera tsiku lomwelo, ndipo sindifuna kuyenda ndi mwana mumdima.

Nabanda wa ku Kawale

Amake Tadala, mwaganiza bwino. Yambani ndi Madsoc Theatre, ndi malo omangidwira zisudzo ndipo si aakulu, moti mwana amaona nkhope ya wosewera bwinobwino. Zikuluzikulu zimakonda kuchitikira ku BICC ku City Centre, koma matikiti akumeneko amafuna kukonzekera. Masewero a nyimbo sachitika sabata iliyonse, ndiye muzisuzumira pa Facebook, ndipo mukaona chilengezo funsani msanga ngati pali chionetsero cha masana.

Nyamukani m'mawa. Minibasi mukuidziwa, sinyamuka isanadzaze. Mukatsika ku depoti mugwireni dzanja mwanayo mpaka mutatuluka m'chipiringu chija. Ndalama yobwerera ikhale payokha, musaiphatikize ndi ya chipisi. Ndipo adye musanalowe, mwana wanjala samva nyimbo.

Aphunzitsi opuma, Area 25

Mayi, za Chingelezizo zisakuvuteni mutu. Ndaphunzitsa kusekondale zaka zambiri ndipo ndinkakonzekeretsa ana mpikisano wa ATEM, wa zisudzo za m'Chingelezi. Ndaonapo ang'onoang'ono atapanikizana pa mawindo a holo, Chingelezi osamva ngakhale liwu limodzi, koma akuseka pamalo oyenera kuseka, n'kukhala chete pamalo achisoni. Thupi la wosewera limayankhula lokha.

Komanso sewero la nyimbo si lachilendo kwa mwana wa kwathu kuno. Kumbukirani nthano za agogo madzulo pamoto. Amati "Padangokhala," ife "Tili tonse," ndipo nkhani ikafika pothina, mwana wamasiye ali yekha kumtsinje kapena fisi wayandikira, agogo amasiya kufotokoza n'kuyambitsa nyimbo, ife n'kumavomera. Nyimbo ija sinali yopumulira, inali kunyamula zomwe mawu wamba alephera. Pa siteji ndi chimodzimodzi, angowonjezerapo magetsi, zovala ndi zoimbira. Ndiye chitani ichi: fufuzani nkhani ya sewerolo, mumufotokozere ngati nthano usiku woti mawa ndi ulendo, koma mathero mumubisire.

Funso lake lija mumuyankhe kuti eya, alipo. Muuzeni za Du Chisiza Jr yemwe anayambitsa gulu la Wakhumbata mu 1987 n'kuonetsa kuti zisudzo ndi ntchito yoti munthu n'kudyerapo. Muuzeninso za Gertrude Kamkwatira, mayi yemwe anatsogolera gululo Du atamwalira mu 1999, kenaka n'kuyambitsa lake la Wanna-Do. Mtsikana ayenera kumva kuti mayi analembapo masewero ndi kutsogolera amuna pa siteji. Akadzakula nyimbo zikadali mumtima, ku Area 23 kuli Music Crossroads komwe achinyamata amaphunzira kuimba.

Bambo a mapasa, Likuni

Ine ndingokuchenjezani ndi zomwe ndinakumana nazo. Ndinatenga anyamata anga ali ndi zaka 6, kuholo ina yomwe sinditchula. Ndinalimbirana mpando wakutsogolo kuganiza kuti ndawachitira zabwino, osadziwa kuti takhala pafupi ndi sipika. Magetsi atangozima, ng'oma n'kulira mwamphamvu, mmodzi anandikumbatira mwendo akulira, mpaka tinakamvera gawo loyamba tili panja. Khalani chapakati, kumphepete kwa mzere kuti akafuna kuchimbudzi musapondeponde anthu. Muuziretu kuti magetsi adzazima dala, si kuti athima.

China, tsikulo anayamba mochedwa ndi ola lathunthu. Ife a ku Likuni tinafika bwino, koma inu wa ku Mitundu muwerengere zimenezo. Miyezi ya June ndi July ikamakwana cha m'ma 5:30 dzuwa limakhala likulowa. Ngati muli ndi wachibale m'tawuni, mudziwitseni kuti mwina mugona. Funsaninso ngati sewerolo ndi loyenera ana, ena amakhala ndi nkhani za akuluakulu.

Amake Tadala, Mitundu

Zikomo nonse, mwandimasula. Aphunzitsi, mwandikumbutsa agogo anga a ku Nathenje, anali ndi nthano ya mtsikana wokana amuna, ndipo nyimbo yake ndikuikumbukirabe. Dzulo ndamuimbira Tadala, lero m'mawa ndamumva akuiimba potunga madzi, mawu ena wayikamo ake.

Ndayankhula ndi achemwali anga a ku Area 36, ati tikachedwa tikagone kwawo, ndiye za mdima zatha. Ndayamba kupatula kangachepe pa ndalama ya mandasi Loweruka lililonse. Mwanayo sindinamuuze, ndikudikira ndigwire kaye matikiti m'manja. A Nabanda, mukaona chilengezo cha masana ine ndisanachione, chonde ndigwedezeni pompano.