Tilandire vocha ya ulendo wapanyanja kapena tiitanitse ndalama zathu?

Nabanda, Luton:
Abale anga, ndabwera kudzapempha nzeru, pakuti safunsa anadya phula. Mu 2019 ine ndi bambo a kunyumba tinalipira mapaundi 1,600 kuti mu Meyi 2020 tikakwere sitima yapamadzi ku Southampton, ulendo wa sabata imodzi wokaona magombe a Norway, pokondwerera zaka 25 za ukwati wathu. Ndalamazo ndinazisonkhanitsa pogwira ntchito yausiku kunyumba yosamalira okalamba. Mliri wa Covid-19 utabuka, kampani inasunthira ulendowo ku Seputembala, koma wa Seputembala nawonso unalephereka. Tsopano mu Januwale 2021 muno atilembera kuti tisankhe chimodzi: atibwezere ndalama zathu, kapena atipatse vocha ya 125 peresenti, yomwe ndi mapaundi 2,000, yogulira ulendo wina. Pa ulendo wa mu Julayi chipinda chokhala ndi khonde chili pa mapaundi 2,300, choncho tiyenera kuwonjezerapo 300. Bambo akuti tigule, koma ine mtima ukukana. Kodi ulendo umenewu ndi woyenera kugula?

A Mbewe, Leeds:
Mayi, itanitsani ndalama zanu. Mukalandira vocha ndiye kuti mwaikongoza kampaniyo mapaundi 1,600, ndipo tsiku lokubwezerani ilisankha yokha. Mapaundi 400 owonjezerawo simungagulire ufa kapena kulipirira lendi. Amagwira ntchito pokhapokha sitima itanyamukadi, ndipo tsiku limenelo palibe amene angalilonjeze. Kumbukirani kuti kampani ya Cruise & Maritime Voyages, yomwe sitima zake zinkanyamukira ku Tilbury, inagwa mu Julayi 2020, ndipo Pullmantur ya ku Spain inali itagwa kale mu Juni. Malamulo a maulendo otere a 2018 kuno ku Britain amati kampani ikalepheretsa ulendo iyenera kubweza ndalama pasanathe masiku 14. Ufulu umenewo muli nawo lero, koma mukavomera vocha mungathe kuutaya, malinga ndi zomwe alemba m'pangano lawo.

A Chirwa, Manchester:
A Mbewe, mwalankhula bwino, koma mwaona mbali imodzi. Makampani akuluakulu akongola ndalama zambiri kuti apulumuke, ndiponso akugulitsa sitima zakale. Carnival Corporation inalengeza kuti ichotsa sitima 18, ndipo sitima zina monga Carnival Fantasy, Monarch ndi Sovereign zinapita kukaphwasulidwa ku Aliağa, m'dziko la Turkey. Sitima zikachepa, zipinda nazo zimachepa, pomwe anthu ogwirizira mavocha ali ochuluka ndipo onse adzafuna kukwera nthawi imodzi. Ine ndikuona kuti chipinda cha khonde chimene lero akuchipeza powonjezera 300, chaka chamawa adzachiona patali. Katemera anayamba kuperekedwa kuno pa 8 Disembala, ndipo pofika Julayi anthu ambiri adzakhala atabayitsa. Mayi Nabanda, ndikanakhala inu ndikanagula.

Nankhoma, Weymouth:
Ine za malamulo ndiwasiyira odziwa, ndingonena zimene maso anga akhala akuona. Kuyambira chaka chatha sitima zikuluzikulu zakhala zikuima pano pa Weymouth Bay, nthawi zina zisanu kapena kuposerapo, zopanda apaulendo. Ndikamachoka kuntchito madzulo ndimaziona magetsi akuwala mizere mizere, koma m'makonde mulibe ngakhale munthu mmodzi, ndipo mphepo ikakula zimazula nangula n'kukazungulira panyanja, mawa lake n'kubwereranso pamalo omwewo. Sitima imene yakhala miyezi khumi ili ndi antchito ochepa ongoisamalira singadzuke tsiku limodzi n'kunyamula anthu 3,000. Achemwali, musanalipire funsani kaye kuti sitima yanuyo ili kuti panopa.

A Phiri, Cape Town:
Mayi Nankhoma anena zoona, ndipo ndiloleni ndiwonjezere ngati munthu amene anagwirapo ntchito yoperekera zakudya m'sitima zoterezi kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Ophika, ochapa ndi oyala mabedi ambiri amachokera ku Philippines, Indonesia ndi India. Ambiri mwa iwo anabwezedwa kwawo movutikira kwambiri, ena atakhala miyezi ingapo pamadzi, ndipo kuti sitima iyambenso ayenera kupeza ndege, ziphaso, kuyezedwa ndi kubindikiritsidwa asanagwire mbale ngakhale imodzi. Ndicho chifukwa chake masiku oyambira akungosunthidwa mwezi ndi mwezi. Ku America bungwe la boma lolimbana ndi matenda la CDC linaletsa sitima kuyenda pa 14 Malichi 2020, kenako pa 30 Okutobala linapereka ndondomeko yoti ziyambirenso pang'onopang'ono, koma mpaka mu Januwale 2021 muno palibe sitima yaikulu yomwe yanyamuka kumeneko ndi apaulendo.

Chimene ndikufuna muchiganizire kwambiri, Mayi Nabanda, ndi ichi. Ine ndinkagona m'kachipinda kapansi kopanda zenera, mabedi awiri osanjikizana, koti mukaimirira awiri mmodzi ayenera kupatuka. Pakagwa matenda otsegula m'mimba, tinkapukuta zitsulo zogwirira pamasitepe ndi mabatani a zikepe kangapo pa tsiku, komabe matendawo ankayenda, chifukwa ife omwe tinkagona mothithikanafe ndi amene m'mawa tinkakupatsirani tiyi. Pa sitima ya Diamond Princess, ku Yokohama m'dziko la Japan mu Febuluwale 2020, munali anthu 3,711 ndipo oposa 700 anatenga kachilomboka. Apaulendo anatsekeredwa m'zipinda zawo pafupifupi sabata ziwiri, chakudya akuchilandirira pakhomo. Khonde limene mukuliwonjezera ndalamalo likhoza kudzakhala malo okhawo opumirako mpweya wakunja.

A Chirwa, Manchester:
Achimwene a Phiri, za Diamond Princess zinachitika anthu asanaudziwe bwino mliriwu. Sitima ya MSC Grandiosa inanyamuka ku Genoa, m'dziko la Italy, pa 16 Ogasiti 2020, aliyense atayezedwa asanakwere, ndipo inapitiriza kuyenda kwa miyezi ingapo. Zimenezi zikusonyeza kuti njira yoyendera mosamala ilipo.

Naphiri, Birmingham:
Bambo Chirwa, chitsanzo chanucho ndi chabwino, koma tichinene chonse. Pa ulendo woyamba wa Grandiosa, banja lina linapatuka pagulu pamene sitima inaima ku Naples, ndipo silinaloledwe kukweranso. Lamulo linali loti munthu atsike pokhapokha ali m'gulu loyendetsedwa ndi kampani. Choncho Mayi Nabanda ayenera kudzifunsa ngati chimene akufuna kugula lero ndi chomwe analipira mu 2019. Iwo ankaganiza zotsika ku Bergen, mzinda wa ku Norway, n'kuyenda ndi bambo mwakufuna kwawo, kulowa m'sitolo, kukhala pansi kumwa khofi. Ulendo wovala zophimba pakamwa ndi pamphuno m'makonde, wotsika pamzere ndi kubwerera pamzere, ndi katundu wina ngakhale dzina lili lomwelo.

Ine ndine namwino, ndipo za kuyeza ndimazidziwa: munthu amene watenga kachilomboka dzulo akhoza kupezeka alibe lero. Sitima ya SeaDream I inanyamuka ku Barbados mu Novembala 2020 ndi apaulendo 53 okha, onse oyezedwa, koma patangopita masiku ochepa matenda anapezeka ndipo ulendo unathera panjira. Mayi Nabanda, popeza mukupita ku Norway, dziwaninso kuti sitima ya Roald Amundsen itafika ku Tromsø kumapeto kwa Julayi 2020 ili ndi odwala, boma la Norway linaletsa kwa kanthawi sitima zonyamula anthu oposa 100 kutsitsa anthu m'madoko ake. Kampani ikhoza kukhala yokonzeka, Britain n'kuvomera, koma doko la eni ake n'kutsekedwa sitima ili kale panjira.

Nabanda, Luton:
Zikomo nonse, ndawerenga mawu anu pamodzi ndi bambo. Mayi Naphiri, mwandikhudza, chifukwa chithunzi cha nyumba zamatabwa za ku Bergen ndinachimata pafiriji kuyambira tsiku lomwe tinalipira, ndipo sindinaganizepo kuti ndikhoza kukaziona ndili pamzere. Komabe ndinene mosabisa kuti mawu a Bambo Chirwa akundikoka. Chaka chathachi ndaperekeza okalamba ambiri amene ndinkawasambitsa ndi kuwadyetsa, ndipo ena mwa iwo ankandiuza za maulendo omwe ankati adzayenda akadzapuma pantchito. Ine katemera woyamba ndabayitsa kale chifukwa cha ntchito yanga, koma bambo, omwe ali ndi matenda a shuga, akudikirabe kalata yawo. A Mbewe, ngati titalimba mtima n'kugula, tingadziteteze bwanji?

A Mbewe, Leeds:
Mayi, kufuna kwanu ndikukumvetsa, ndipo sindikukupeputsa. Muwalembere kalata, osati kuimba foni, kuti yankho lawo mukhale nalo polemba. Afotokoze ngati vochayo mungathe kuisintha kukhala ndalama ulendo wa mu Julayi ukalepherekanso, ndiponso tsiku limene idzathe ntchito. Mufunse ngati ndalama zanu zili zotetezedwa kudzera ku ABTA, bungwe la makampani a maulendo kuno ku Britain, pakuti chitetezo cha ATOL chimakhudza maulendo okhala ndi ndege, ndipo wanuwu ulibe ndege. Ngakhale chitetezocho chitakhalapo, musayembekezere kuti chifika pa mapaundi 400 a mphatsowo. Ngati munalipira ndi kirediti kadi, Section 75 ya lamulo la Consumer Credit Act imakulolani kudandaula kubanki pa chinthu cha mtengo woposa mapaundi 100 mpaka 30,000. Chachikulu ndi inshulansi. Kuyambira mu Julayi 2020 mpaka mu Januwale 2021 muno, boma la Britain likulangiza anthu kuti asakwere sitima zoterezi, ndipo inshulansi zambiri sizilipira munthu amene wayenda motsutsana ndi langizo la boma. Kwa bambo odwala shuga, kugonekedwa m'chipatala cha kunja popanda inshulansi kukhoza kumeza ndalama zoposa zimene tikukambirana pano.

A Chirwa, Manchester:
Pa za inshulansi ndagonja, ndinali ndisanaziganizire. Ndikuumirirabe kuti mitengo idzakwera. Onaninso kuti kampani ya Saga yalengeza mwezi uno kuti aliyense wokwera sitima zake ayenera kukhala atabayitsa katemera mokwanira. Ena akatsatira, zinthu zikhoza kusintha msanga kuposa momwe tikuganizira.

Nabanda, Luton:
Tagwirizana ndi bambo usiku wathawu, ngakhale kuti iwo avomera monyinyirika. Tiitanitsa mapaundi 1,600 athu, ndipo tiwaika pa akaunti yapadera yomwe sitiikhudza ngakhale abale atapempha thandizo. Bambo akabayitsa katemera kawiri, boma likachotsa langizo lija, ndipo sitima za ku Southampton zikapita ku Norway n'kubwerako kangapo anthu akutsika momasuka, tidzagula pa mtengo umene tidzaupeze, ngakhale chitakhala chipinda chopanda khonde. Kalata ndaitumiza m'mawa uno, ndatchulamo masiku 14 aja, ndipo ndasunga kope lake. Mayi Nankhoma, chonde mudzatidziwitse tsiku limene mudzaone sitimazo zikuchepa pagombe panupo.