"Provided that" ndi "unless": tingangoti "ngati" basi?

Mlembi wa ku Senga Bay:
Akuluakulu, m'makalata a chilolezo cha usodzi ndi a lendi ya malo ogulitsira mumapezeka "provided that", "unless" ndi "subject to". Pomasulira pamsonkhano wa asodzi, onsewa tingangoti "ngati"? Nanga anachokera kuti?

Aphunzitsi a ku Chipoka:
Ayi achimwene, "ngati" payekha akusokeretsani. "Provided that" ndi bola kapena malinga: mwaloledwa, koma pali choti mukwaniritse. Gwero lake ndi Chilatini providere, pro kutanthauza patsogolo, videre kuona, ndiye kuti nkhani yoti anaioneratu.

"Unless" ndi pokhapokha. Chitseko chimakhala chotseka kale, chotsegulira n'chimodzi. "You may not fish unless you hold a permit" ndiye kuti musaponye khoka pokhapokha muli ndi chiphaso. Womasulira akaikapo "ngati muli ndi chiphaso", lamulo latembenuka: wachiphasoyo ndi amene waletsedwa! Liwuli si la Chilatini. M'zaka za m'ma 1400 Angerezi ankalemba "on lesse than", kenako on uja anasanduka un.

Mayi a pa Kamuzu Road:
Aphunzitsi, mundilole ndiwonjezepo pa "subject to", chifukwa ndi amene amaluzitsa anthu ndalama. Anachokera ku subicere, kuika pansi pa chinthu. Kalata ikati "subject to approval by the council", chilolezocho sichinayambe kugwira ntchito mpaka khonsolo itavomereza. Munthu amangoona dzina lake ndi chidindo, n'kuyamba kugula njerwa ndi simenti, pomwe yankho lingabwere lokana.

Chenjeraninso ndi "may". M'Chingerezi chakale ankati mæg, kutanthauza kukhala ndi mphamvu, m'bale wake wa "might". Lero amatanthauza kuloledwa, penanso mwina. M'malamulo, "the officer may renew" ndiye kuti mkuluyo ali ndi ufulu wovomera kapena kukana; "shall renew" ndiye wakakamizidwa. Musawauze asodzi kuti chiphaso chidzakonzedwanso ndithu pamene pepala likuti "may".

Aphunzitsi a ku Chipoka:
Zoona mayi. "Permit" nayenso ndi wa Chilatini, permittere, kulola chinthu kudutsa. Mawu ambiri a m'makhoti a ku England analowa kudzera m'Chifalansa ndi Chilatini anthu a ku Normandy, dera la ku France, atagonjetsa dzikolo mu 1066, n'chifukwa chake kalata ya boma imati "permit" pomwe pakhomo amangoti "let".