Za opaleshoni ya amama

Asisi aakulu: Mwachoma bwanji nonse. Tangochoka ku chipatala cha Chipata Central. Adokotala akuti chithokomiro cha amama chakula kwambiri, n'chifukwa chake akumabanika akagona chagada. Atipatsa fomu ya opaleshoni koma sinasainidwe.

Amalume: Mukudikira chiyani? Mwinimbumba ndine, ndibwera mawa kudzasaina.

Asisi aakulu: Pepani amalume, akuti wosaina ndi mwini khosi, poti mutu wawo ukuyenda bwinobwino. Komanso njira zilipo ziwiri. Akachotsa chonse, amama azimwa kapilisi tsiku lililonse moyo wawo wonse. Akachotsa mbali imodzi, mwina mapilisi sangafunike, koma mbali yotsalayo ikhoza kudzatupanso.

Chitsiriza ku Lusaka: Achotse chonse basi, tisamabwerezebwereze. Mapilisi ndizitumiza ine.

Azakhali: Iwe, unatumiza feteleza uja mu Januwale chimanga chitafika kale m'mawondo 😂 Nanga eniake akuti chiyani?

Asisi aakulu: Mpeni sakuuopa n'komwe. Atamva kuti mtsempha wa mawu umadutsa pomwepo, ndipo ena amatsala ndi mawu osasa, anangoti zii, n'kumapotokola nsonga ya chitenje. Adokotala anaika bolopeni pansi n'kuwafunsa chimene chikuwavuta. Akuti, nanga nyimbo za kuchigwirizano aziyambitsa ndani?

Amalume: Moyo ndi nyimbo chachikulu n'chiti?

Azakhali: Alamu, musatero. Chimwalirireni achimwene, n'kuimbako kumene kumawadzutsa pamphasa. Asiyeni afunse.

Asisi aakulu: Ndiye tibwererenso Lachinayi. Atiuza kuti tilembe mafunso papepala. Anga ndi awa: kusasako kumatha kapena ayi, ndiponso tikadikira mpaka titakolola nshawa pali choopsa?

Chitsiriza ku Lusaka: Mufunsenso ngati NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo ya boma ija, ilipira zonse, ndi mapilisi omwe. Ya basi ndatumiza pa Airtel Money.

Alamu ku Katete: Ine ndidzagona nawo kuwodi. Koma wina alankhule nawo m'chinyanja, chizungu chija amangovomera ndi mutu.

Asisi aakulu: Anesi anamasulira zonse lero, mpaka anawauza kuti abwereze okha zimene amva.

Amalume: Chabwino. Lachinayi ndidzakhala nawo, koma ndidzangomvetsera.

Azakhali: Mawu amenewo tawasunga, alamu.

Asisi aakulu: Amama ali pompano, ndawawerengera zonse. Akuti funso la mawu likhale loyamba papepala, ndipo wina akamangire mbuzi zikudya kholowa kudimba.